Funsani Amisiri: Kiranki, Makonirodi ndi Mapisitoni Osula mu Injini za Big-Block

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za zitsulo za m'mimba mwa injini zikuluzikulu za V8 za ku America, zija amati big-block. Kuno ku Tete n'zosowa, komabe zilipo m'mapikiapu akale a Chevrolet ndi m'maboti ena othamanga pa Cahora Bassa. Miyeso ya injinizi imalembedwa m'mainchi. Amene maikiromita yake ndi ya mamilimita asunge m'mutu kuti 0.001 ya inchi ndi 0.025 mm.

FUNSO: Ndili ndi pikiapu ya Chevrolet ya 1978, injini yake ndi 454 (kukula kwa injini m'makyubiki inchi). Yayamba kudya oyilo ndiye ndikufuna kuimasula. Ndikulakalaka mphamvu yake ifike akavalo (horsepower) 450 kapena 500, yoyenda nayo pamsewu wa N7 komanso kukoka ngolo nthawi zina. Anzanga akuti ndigule zonse zosula: kiranki, makonirodi ndi mapisitoni. Thumba silikulola zonsezo. Ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Moatize

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akukufunirani zabwino koma akuwonongetsani ndalama. Chitsulo chosula, chomwe m'makatalogu chimalembedwa kuti forged, sichiwonjezera kavalo ndi mmodzi yemwe. Akavalo mukuwafunawo achokera ku mahedi, kamu, kompuresheni ndi kabureta. Ntchito ya zitsulo zosula ndi kupirira basi.

Kusiyana kwake kuli pa kapangidwe. Chitsulo cham'chikombole amachisungunula n'kuchithira, ndipo pozizira chimatha kutsala ndi timabowo ta mpweya m'kati. Chosula amachitentha mpaka kufiira, kenako makina amphamvu amachipsinja kuti chitenge maonekedwe ofunikawo. Timabowo tija timatsekeka ndipo ulusi wa chitsulocho umayenda motsatira mapindidwe ake. N'chifukwa chake chosula chimayamba chapindika chisanathyoke, pomwe cham'chikombole chimangoduka osachenjeza.

Tsono dzifunseni kuti injini yanu izizungulira kufika pati, poti chimapha zitsulo za pansi kwambiri ndi liwiro la kuzungulira. Mphamvu yokoka konirodi imakula mowirikiza: kuchoka pa 5,000 kufika pa 6,500 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi), imakwera ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse. Nthawi yoopsa ndi pamene pisitoni yafika pamwamba pomaliza kutulutsa utsi, popanda mpweya wopanikizika woibweza. Pamenepo pisitoni yolemera ya 454 imafuna kupitirira ulendo wake, ndipo zoigwira ndi mabawuti awiri okha a konirodi. Injini yokoka ngolo yosapitirira 5,500 rpm siifika m'dera loopsalo kawirikawiri.

Ndalama zanu ziyende motere. Yambani ndi kutsuka buloko, kiranki ndi makonirodi, n'kuzipititsa kuti akaziyeze ming'alu ndi makina a maginito. Kiranki yam'chikombole ya fakitale ikapezeka yopanda mng'alu, isungeni. Ndi yonenepa: majenolo (malo osalala ozungulira m'mabeyaringi) a meni ndi mainchi 2.750, a makonirodi ndi 2.200, ndipo pa akavalo 500 osapitirira 6,000 rpm imatumikira zaka. Kiranki ndiye chinthu chomaliza kugula pa ntchito ngati yanuyi.

Chachiwiri ndi mabawuti a makonirodi. A fakitale m'mapikiapu ndi a 3/8 ya inchi, ndipo akokedwa kwa zaka zoposa 40. Ikani atsopano a mtundu wa chitsulo wotchedwa 8740, monga a kampani ya ARP. Koma mvetsani apa: mukangosintha mabawuti, bowo lalikulu la konirodi silikhalanso lozungulira bwino, ndiye liyenera kupalidwa ndi kuhonedwa kuti libwerere pa muyeso wake. Wodumpha sitepe imeneyi amatha kuwononga beyaringi injini isanayende n'komwe mtunda wautali. Muwerengetse mtengo wa mabawuti, wa kupala, ndi wa kulowetsa mapini ndi moto. Ukayandikira mtengo wa makonirodi atsopano osula a chitsulo cha mtundu wa 4340 okhala ndi mabawuti a 7/16, otalika mainchi 6.135, tengani atsopanowo.

Chachitatu ndi mapisitoni, ndipo apa pokha tikuti gulani osula. Chifukwa chake ndi kutentha kwa kwathu kuno komanso petulo wosadalirika wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, osati akavalo. Injini ikamagogoda chifukwa petulo akuphulika mosalongosoka, pisitoni yam'chikombole ya silikoni wambiri, ija amati hypereutectic, imasweka ngati mbale yadothi, zidutswa n'kuwononga hedi ndi silinda. Yosula imaphwanyika pang'ono m'mphepete koma imakhalabe yathunthu, mwini n'kupeza mpata womva vuto ndi kulikonza.

Buloko ya mabawuti awiri pa kapu iliyonse ya meni isakudetseni nkhawa. Pa mphamvu imeneyi ndi yokwana. Mukaikamo masitadi m'malo mwa mabawuti, muyezetse ngati mabowo a meni akadali pa mzere umodzi.

FUNSO: Injini yanga ya 454 anaiika mapisitoni osula a 2618 miyezi yapitayi. M'mawa kukazizira imachita phokoso logogoda m'munsi, ikatentha phokosolo limatha. Kodi amakaniko analakwitsa? Wowerenga wa ku Ulónguè

YANKHO: Bambo, kumanga mwina anamanga bwino, koma kusankha ndi kumene kunaphonyeka. Mapisitoni osula amapangidwa ndi mitundu iwiri ya aluminiyamu. Wa 4032 uli ndi silikoni pafupifupi 12 pa 100, ndipo silikoniyo amachititsa kuti pisitoni isafufume kwambiri ikatentha komanso kuti isaperepeseke msanga. Wa 2618 ulibe silikoni kwenikweni. Ndi wofewerapo, umapirira nkhonya za zowonjezera mphamvu monga mpweya wa nitrous, turbo ndi supercharger, koma umafufuma kwambiri. Choncho pisitoni ya 2618 imafuna mpata waukulu m'silinda. Pa bowo la mainchi 4.250 kupita m'mwamba, ya 4032 nthawi zambiri imapatsidwa 0.0025 mpaka 0.0035 ya inchi, pomwe ya 2618 imapatsidwa 0.004 mpaka 0.006. M'mawa wa mu June ku Angónia kwanuko pisitoniyo imakhala itanyala, ndiye imagwedera n'kumamenya khoma la silinda mpaka itenthe.

Phokoso likamatha m'mphindi zochepa, geji ya oyilo ili pamalo pake, palibe chomasulira injini. Iliseni mofatsa, musaiponde mafuta singano ya kutentha isanasunthe. Likamapitirira injini itatentha, kapena likamakula mukaponda mafuta, imeneyo ndi nkhani ina: dulani fyuluta ya oyilo, tambasulani pepala lake padzuwa, muone ngati muli tizidutswa tonyezimira ta mkuwa. Tikapezeka, ndi beyaringi, ndipo galimoto isayendenso.

Dziwaninso kuti 2618 sikhalitsa ngati 4032 pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku. Timizere tokhala maringi timakula msanga, makamaka m'fumbi la misewu yadothi, ndipo oyilo amayamba kuchepa. Pa injini yopanda nitrous kapena turbo, 4032 ndiye yoyenera.

Kwa amene akumanga tsopano: mmisiri wobowola asakhudze buloko mapisitoni asanafike m'manja mwake. Pisitoni siyozungulira ndendende, ndipo ndi yopapatiza kumutu. Imayezedwa pa siketi, mopingasa ndi pini, pa msinkhu umene wopanga walemba pa pepala la m'bokosi. Muyeso wa pepalalo ukasiyana ndi manambala tatchulawa, tsatirani pepalalo. Ndipo pohona amange mbale yachitsulo ija ya torque plate pamwamba pa buloko, chifukwa mabawuti a hedi akamangidwa silinda imapotoka pang'ono.

FUNSO: Wina akundigulitsa kiranki yakale, akuti ndi yosula. Ndingadziwe bwanji? Wowerenga wa ku Matundo, Tete

YANKHO: Yang'anani msoko wa m'mbali mwa mikono ya kiranki. Yam'chikombole imakhala ndi kamzere kopyapyala kakuthwa. Yosula imakhala ndi msoko wotambalala, wa sentimita imodzi kapena kuposa, wooneka kuti unapalidwa. Kenako ipachikeni pa chingwe, muimenye pang'ono ndi sipanala pa chitsulo cholemera cholinganizira kiranki, osati pa jenolo. Yosula imalira mokweza kwa kanthawi, yam'chikombole imangoti phu. Yosula yolira mogontha ikayikireni, mwina ili ndi mng'alu.

Musalipire musanayeze majenolo. Ngati anaipala kale kufika 0.030 pansi, moyo wake watsala pang'ono. Yezaninso sitiroko, mtunda umene pisitoni imayenda m'silinda: ya 396 ndi 427 ndi mainchi 3.760, ya 454 ndi 4.000. Zonse zimalowa m'buloko imodzimodzi, koma mapisitoni ake ndi osiyana. Kiranki yosula yokhala ndi mng'alu m'ngodya ya jenolo imaposedwa ndi yam'chikombole yabwinobwino.

FUNSO: Ndikufuna kusandutsa 454 yanga kukhala 496 pogula kiti yonse yosula. Mahedi ndi achitsulo a fakitale, nambala yake ikuthera ndi 781. Petulo ndimathira wa 95. Ndisamale chiyani? Wowerenga wa ku Chingodzi, Tete

YANKHO: Akulu, apa ndiye pamene kiranki yosula ya 4340 imayenerera, chifukwa sitiroko yaitali imathamangitsa pisitoni. Pa sitiroko ya mainchi 4.250 ndi 6,000 rpm, pisitoni imayenda mamita 21.6 pa sekondi pa avereji. Koma kiti sikuti imangolowa ikatuluka m'bokosi.

Nambala ya 496 imabwera mukabowola masilinda ndi 0.060 kufika mainchi 4.310. Mukabowola 0.030 yokha mupeza 489. Kusiyana kwa mphamvu simudzakumva, koma 489 imakusiyirani khoma lochindikala, lomwe silitenthetsa injini, komanso mwayi wodzabowolanso mtsogolo. Buloko yomwe yakhala zaka ikuyenda ndi madzi a pachitsime opanda mankhwala oletsa dzimbiri imakhala itadyeka m'kati, ndiye musapite ku 0.060 popanda kuyezetsa kuchindikala kwa makoma ndi kachipangizo ka sonic.

Masamu a msinkhu ndi osavuta ndipo muwachite musanalipire. Kuchokera pakati pa kiranki kufika pamwamba pa buloko ndi mainchi 9.800. Chotsanipo theka la sitiroko, 2.125, ndi kutalika kwa konirodi, komwe pa 496 kumakhala 6.385. Patsala 1.290. Mapisitoni ambiri a kiti zotere ali ndi 1.270 kuchokera pakati pa pini kufika pamwamba, ndiye amatsalira 0.020 m'silinda. Mukaphatikiza gasiketi ya 0.039, mpata wa pakati pa pisitoni ndi mbali yosalala ya hedi ukhala 0.059. Umenewo ndi waukulu, ndipo umalimbikitsa kugogoda. Palitsani pamwamba pa buloko ndi 0.015 kuti mpatawo utsikire cha pa 0.044, kuposa milimita imodzi pang'ono. Pisitoni ikafinya mpweya pa mpata wochepa chonchi imautakasa, petulo n'kupsa mofulumira ndi molongosoka.

Tsopano kompuresheni. Silinda imodzi ya 496 imameza 1,016 cc. Tiyerekeze kuti chipinda choyakira petulo cha hedi yanu ndi 119 cc, gasiketi 9.7 cc, ndipo pisitoni yatsalira 0.005, yomwe ndi 1.2 cc. Pisitoni yotukuka pamwamba, ya chulu cha 18 cc, ipereka cha m'ma 10.1 pa 1. Ya chulu cha 10 cc ipereka 9.5. Yosalala yokhala ndi pobisalira valavu ipereka cha m'ma 8.6. Chipinda cha hedi muchiyeze nokha ndi jakisoni wamkulu ndi galasi loboola, chifukwa mahedi akale ambiri anapalidwapo kale.

Makatalogu a ku America amati 10 pa 1 imayenda ndi petulo wa 91 kapena 93, koma iwo amawerenga octane, nambala ya petuloyo, mosiyana ndi ife. Wathu wa 95 akufanana ndi wawo wa 90 kapena 91. Onjezani kuti mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pansi pa mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mpweya ndi wochindikala, ndipo mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40. Injini yomwe ingayende mwakachetechete ku Ulónguè, pamwamba pa mamita 1,000, ikhoza kugogoda podikira kuwoloka mlatho wa Samora Machel masana. Pa mahedi achitsulo ife sitingapitirire 9.5, ndipo 9.2 ndi yogonetsa tulo. Mahedi a aluminiyamu amalola kufika 10. Tayimingi yonse muyambire pa madigiri 34, muzikweza pang'onopang'ono mukumvetsera. Chulu cha pisitoni chikhale chopangidwira chipinda chotseguka ngati cha 781, apo ayi chidzagunda hedi.

Kenako mangani mongoyesa, popanda maringi. Zungulitsani kiranki ndi dzanja, muone paliponse pamene mutu wa bawuti ya konirodi ukudutsa pafupi ndi m'munsi mwa silinda, m'mphepete momangira sampu, ndi kamu. Pafunika mpata wosachepera 0.060. Pomwe pachepa, lembani ndi choko, masulani, palani pang'ono. Osanyanya, poti kuseri kwake kuli madzi ndi njira za oyilo. Ikani dongo loseweretsa ana pa pisitoni, mangani hedi ndi kamu yeniyeniyo, zungulitsani kawiri, dulani dongolo muliyeze. Valavu yolowetsa italikirane ndi pisitoni 0.080, yotulutsa 0.100.

Chimene ambiri amagwa nacho ndi ngodya ya jenolo. Kiranki zosula za masiku ano zimakhala ndi ngodya yokhota kwambiri, cha m'ma 0.125, kuti isayambe mng'alu. Beyaringi wamba imakwera pa kukhotako n'kupana. Pamafunika mabeyaringi ochepetsedwa m'mbali, ndipo mbali yosongoledwa ya konirodi iyang'ane ku mkono wa kiranki. Mipata ya oyilo: 0.0025 mpaka 0.0030 pa meni, 0.0020 mpaka 0.0025 pa makonirodi. Makonirodi awiri a pa jenolo imodzi asewere chammbali 0.015 mpaka 0.025, ndipo kiranki isewere kutsogolo ndi kumbuyo 0.005 mpaka 0.008. Mukamaliza kupala, tsukani buloko ndi sopo ndi madzi otentha mpaka nsalu yoyera yopaka oyilo izituluka m'silinda ili yoyerabe.

FUNSO: Boti langa lili ndi injini ya MerCruiser ya malita 7.4. Pisitoni imodzi yaboola pamwamba ndipo konirodi ina yapindika. Ndikaika zosula vutoli litha? Wowerenga wa ku Songo

YANKHO: Silitha, Bambo, mukapanda kupeza chinayambitsa. Apa pali matenda awiri osiyana.

Pisitoni kuboola pamwamba ndi moto wopitirira muyeso: petulo wochepa pa mpweya wambiri, tayimingi yotsogola kwambiri, mapulagi otentha, kapena pulopela yaikulu yolemetsa injini. Injini ya boti ilibe mtsetse wopumira. Imakoka katundu nthawi yonse, maola ndi maola. Ya 7.4 wamba, yomwe ndi 454 ya boti, inapangidwa kuti mukaponda mafuta onse ifike 4,200 mpaka 4,600 rpm. Ikamalekera pa 3,800, pulopela yakula kapena boti lalemera, ndipo injiniyo ikugogoda inu osamva chifukwa cha phokoso la madzi. Onani fyuluta ya petulo, pampu yake, ndi madzi a m'thanki.

Konirodi kupindika kawirikawiri ndi madzi olowa m'silinda. Madzi sapanikizika. Amalowera m'mapaipi a utsi oziziritsidwa ndi madzi akadyeka kapena gasiketi yake ikatha, komanso kamu yaukali ya galimoto imayamwa madzi kuchokera ku utsi injini ikamalira pang'onopang'ono. Konirodi ya 4340 nayo imapindika pa madzi, ndipo ikakana kupindika, chimasweka ndi pisitoni kapena khoma la silinda. Sinthani mapaipiwo ngati adyeka, ndipo kamu ikhale ya boti.

Zimenezi zikakonzeka, mapisitoni osula ndi oyenera ndithu. A fakitale omwe anaika osula mu injini yawo ya boti ya 454 Magnum. Koma mipata ya m'boti siifanana ndi ya galimoto. Buloko yoziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja imakhala pa madigiri 60 mpaka 70, pomwe pisitoni ili pamoto wosalekeza. Pisitoni imafufuma, silinda osafufuma mofanana. Onjezani cha m'ma 0.001 pa mpata wa pisitoni, pokhapokha pepala la wopanga litapereka kale muyeso wa boti.

Maringi nawonso. Pa galimoto ya pamsewu ringi ya pamwamba imapatsidwa 0.0045 pa inchi iliyonse ya bowo, kutanthauza 0.019 pa bowo la 4.280. Pa boti pitani ku 0.0055 pa inchi, cha m'ma 0.024. Yachiwiri ikhale yofanana kapena yokulirapo pang'ono, ndipo timaringi ta oyilo tisachepere 0.015. Mpata ukachepa, nsonga za ringi zimakumana ikatentha, ringi n'kukanirira m'silinda ndi kuzula mutu wa pisitoni. Ukakula pang'ono, palibe chimene mungataye choti n'kuchiona. Ringi iliyonse muiyezere m'silinda yake, mutaikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka. Popala, yendetsani tupa kuchokera kunja kulowa m'kati kuti chokutira cha ringi chisasupuke, ndipo muchotse timinga ta m'nsonga.

Musanaitanitse, fufuzani mbali imene injini yanu imazungulira. Maboti ena akale a injini ziwiri ali ndi imodzi yozungulira chobwerera, ndipo kamu, masilo ndi kayang'anidwe ka mapisitoni a pini yosakhala pakati zimasiyana.

FUNSO: Tamanga 454 ndi kiranki yatsopano yosula. Ikulira bwino koma ikunjenjemera kwambiri kuyambira 2,500 rpm, mpaka galasi loonera kumbuyo silioneka. Chavuta n'chiyani? Wowerenga wa ku Zóbuè

YANKHO: Izimitseni, achimwene, isanadye mabeyaringi a meni. Mosakayika mwasakaniza mitundu iwiri ya balansi. Injini za 396 ndi 427 zimakhala ndi kulemera konse kolinganiza pa kiranki penipeni, dampa ya kutsogolo kwa kiranki ndi fulayiwilo zake n'zopanda mbali yolemera. Ya 454 ya fakitale kulemera kwina kuli kunja: dampa ili ndi chitsulo chowonjezera mbali imodzi, fulayiwilo nayonso. Kiranki zambiri zosula zogula padera zimapangidwira balansi ya m'kati. Mukaika dampa ndi fulayiwilo zakale za 454 pa kiranki yotere, kapena zopanda kulemera pa kiranki yofuna balansi ya kunja, zotsatira zake ndi zomwe mukuonazo. Werengani pepala la kiranki, kenako suzumirani kuseri kwa dampa ndi pa fulayiwilo. Mwina vuto lonse litha posintha ziwirizo.

Ngati zikugwirizana, ndiye kuti kiranki sinalinganizidwe ndi mapisitoni ndi makonirodi anuwo. Mawu oti balanced pa bokosi la kiranki yokha amatanthauza kulemera kongoyerekeza. Wolinganiza amayeza pa sikelo ya magalamu: mbali yaikulu ya makonirodi awiri ndi mabeyaringi ake amawerenga yonse, pomwe mapisitoni awiri, mapini, zotsekera, maringi ndi mbali yaing'ono ya makonirodi amawerenga theka. Kulemera kumeneko amakumangirira pa jenolo iliyonse n'kuzungulitsa kiranki pa makina. Pomwe palemera amaboola, pomwe papepuka amalowetsa chitsulo cholemera cha tungsten, chomwe n'chodula. Mapisitoni asanu ndi atatuwo asasiyane kuposa galamu imodzi.

Sikuti malo alionse opala kiranki ali ndi makina olinganizira V8. Imbani foni mufunse musananyamule katundu, kaya ndi ku Blantyre, ku Beira kapena ku Harare, ndipo mupite nazo zonse: kiranki, makonirodi, mapisitoni, mapini, maringi, mabeyaringi, dampa ndi fulayiwilo. Kwa amene sanagule, kiti yolinganizidwa kale ndi wogulitsa imapulumutsa ulendo umenewu.

FUNSO: Ndine ndimaitanitsa zipangizo pa galaja ya banja lathu. Kasitomala akufuna makonirodi ndi kiranki za big-block kuchokera ku Johannesburg. Kubweza katundu wolakwika n'kovuta. Ndifunse chiyani, ndipo H-beam ndi I-beam wabwino ndi uti? Wowerenga wa ku Furancungo

YANKHO: Mayi, za H-beam ndi I-beam, omwe ndi maonekedwe awiri a thunthu la konirodi, zisakutayitseni nthawi. Pansi pa akavalo 700, onse awiri akakhala a 4340 ochokera kwa wopanga wodziwika agwira ntchito. Yang'anani kulemera kwake, mabawuti ake, ndi ngati mapewa ake anasongoledwa kuti adutse pa sitiroko yaitali.

Chofunika kwambiri ndi kudziwa buloko. Lembani nambala youmbidwa kumbuyo kwake, pamwamba pomangira giyabokosi. Big-block ya mtundu wa Mark IV, yomwe inayamba mu 1965, ili ndi silo ya kumbuyo ya zidutswa ziwiri. Gen V ya 1991 ndi Gen VI ya 1996 zili ndi silo yathunthu, ndipo kiranki, fulayiwilo ndi sampu zake n'zosiyana. Buloko za malole za 366 ndi 427 ndi zazitali, mainchi 10.200 m'malo mwa 9.800, ndiye zimafuna makonirodi kapena mapisitoni ena. Vortec 8100 ya 2001 nayo ndi 496, koma bowo lake ndi 4.250, sitiroko 4.370, ndipo kiti ya 454 silowamo. Ngati injiniyo ndi Ford 460 kapena Chrysler 440, palibe chilichonse cha Chevrolet chokwanamo.

Funsaninso za pini. Ya Chevrolet ndi mainchi 0.990. Makonirodi a fakitale amaigwira molimba ndipo imalowetsedwa ndi moto. Ambiri osula ali ndi bushi yamkuwa, pini imasewera ndi mpata wa 0.0008 mpaka 0.0012, ndipo pisitoni iyenera kukhala ndi timizere ta zotsekera. Muuzeni wogulitsa alembe pa invoisi ngati kiranki ndi ya balansi ya m'kati kapena ya kunja, komanso ngati majenolo ake anaumitsidwa ndi nitriding. Chikopa cholimbacho n'chopyapyala, ndipo tsiku lodzaipala chimachoka.

Pa mabawuti, 8740 ndi wokwana pamsewu, ARP2000 ndi wa injini yopitirira 6,500 rpm. Mtundu wa L19 musatenge. Ndi wolimba koma amadana ndi chinyezi, ngakhale thukuta la m'manja limamuyambitsa ming'alu, ndipo nyengo ya dzinja kwanuko simungamusunge bwino.

M'katundu yemweyo muikemo geji yoyezera kutamuka kwa bawuti ndi mafuta ake omangira. Sipanala ya toki imayeza kulimba kwa kupota, ndipo gawo lalikulu la mphamvuyo limathera pa kukhulana kwa mazinga. Bawuti yomweyo pa toki imodzimodzi imagwira mosiyana ikapakidwa oyilo wa injini ndi ikapakidwa mafuta a wopanga. Chogwira konirodi ndi kutamuka kwa bawuti, komwe pa za 7/16 kumakhala cha m'ma 0.006, nambala yeniyeni ili pa pepala la m'bokosi. Amakaniko ayeze bawuti iliyonse isanamangidwe, alembe m'kope pamodzi ndi nambala ya silinda, amange mpaka itamuke pa muyesowo. Tsiku lodzamasula adzayezenso, ndipo iliyonse yotalika ndi 0.001 kuposa zomwe zili m'kopemo itayidwe.